Zikomo bambo amakaniko a pa Luchenza

Ndithokozeko bambo ena amakaniko a pa Luchenza, dzina akana kuti ndisatchule. Loweruka tikuchokera ku Limbe pa Prado yathu kukaona agogo akudwala ku Chitakale, mabuleki anayamba kulira kwiii m'mitsetse ya ku Thyolo ija, kumeneko mapadi akutsogolo atheratu chitsulo chikungodya disiki. Bambowa anasiya nsima pambale, galimoto pa jeke, mnyamata wa kabaza uyo wathamangira mapadi atsopano. Anasintha mapadi a matayala onse awiri akutsogolo, ati ukasintha mbali imodzi galimoto imakokera kumbali, nkundiuza ndipope kaye buleki ndisananyamuke. Ya ntchito anakana zoona abale. Tinafika kusanade, mayi anawaphikira agogo phala nkudya ndithu, usiku womwewo tinawatengera kuchipatala pa galimoto yomweyo.