Amadamu a uphungu ndi mtsikana amene ankasinza

Tisanapite ku teaching practice, kukayeserera uphunzitsi pasukulu, ine ndinkaganiza kuti uphungu ndi kulangiza basi, ngati kwa anankungwi: wamkulu alankhule, mwana awerame n'kumangoti inde. Kukoleji anatiuza kuti ntchito yaikulu ya phungu ndi kumvetsera ndi kusunga chinsinsi, koma ndinangozilemba m'kope kuti ndidzakhoze mayeso.

Pa CDSS (sekondale yoyendera) pomwe ananditumiza, uphungu anaupereka kwa mayi wina wophunzitsa Bayoloje. Maperiyodi awo sanachepetsedwe, ofesi analibe. Ankakumana ndi ana pansi pa mtengo wa mango nthawi ya buleki, tiyi wawo akuzizira mu sitafurumu.

Aphunzitsi anzawo ankawaona mosiyanasiyana. Ena ankawatenga ngati apolisi a ahedi: mwana akajomba kapena akapezeka ndi foni, "pita kwa amadamu ako." Ena ankati akusasatitsa ana, ife tinakula ndi chikwapu ndipo tinalongosoka. Koma chimene chinkawawa ambiri ndi ichi: ukafunsa kuti mwana uja wanena chiyani, ankangoyankha kuti, "Zimenezo ndi zake." Anthu ankati n'kudzimva. Nanenso ndinkaganiza choncho.

Panali mtsikana wa Fomu 3 amene ankasinza m'kalasi mwanga. Ndinamupatsa chibalo chokolopa kawiri konse. Kachitatu amadamu aja ananditengera pambali. "Aphunzitsi, musanamupatse chibalo, tamufunsani kaye kuti amagona nthawi yanji." Sanawonjezere kanthu. Patatha masiku, mtsikanayo anandiuza yekha, maso ali pansi, kuti ali ndi khanda kunyumba ndipo usiku limalira.

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka inayamba mu 1993 m'dziko muno, ndipo ndinkaidziwa pamtima. Koma ndondomeko siipita pakhomo kukapempha agogo kuti azitsala ndi khanda. Anapitako ndi amadamuwo, pamodzi ndi amayi a Mother Group (gulu la amayi a m'deralo lothandiza atsikana kupitiriza sukulu), Loweruka, wapansi. Ndiwonso analemba pabolodi la zidziwitso nambala ya 116, yomwe mwana wozunzidwa angathe kuimba mwaulere.

Akanati andiuze nkhani yonse tsiku loyamba lija, mwina ikanafika mu sitafurumu, ndipo mwanayo sakanabweranso pansi pa mango paja. Panopa ndikaona aphunzitsi akudandaula kuti aphungu amawabisira zinthu, ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo.

Mtsikanayo ndinamusamutsira kutsogolo, pafupi ndi zenera, ndipo homuweki ndinkamulola kupereka Lolemba.