Chitengwa cha kutsidya kwa nyanja: akazi a asilikali a 1946 ndi luso loimba piyano mpaka ukalamba

Pa 26 January 1946, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, sitima yotchedwa Argentina inanyamuka ku Southampton, ku England, itatenga amayi oposa 450 okwatiwa ndi asilikali a ku America, ena ana ali m'manja, ndipo inakafika ku New York pa 4 February. Chinawatsegulira khomo ndi lamulo la ku America lolola akazi a asilikali kulowa m'dzikomo, la War Brides Act, la pa 28 December 1945. Dziko la Canada nalo linalandira akazi a asilikali ake pafupifupi 48,000 ndi ana pafupifupi 22,000, ambiri ochokera ku Britain. Ankatsikira pa doko la Pier 21 ku Halifax n'kukwera sitima yapamtunda, ena masiku angapo, kulowera ku minda ya Manitoba ndi Saskatchewan komwe nyumba zambiri zinalibe magetsi kapena madzi a m'mipopi. Chinali chitengwa ndithu, koma chopanda zoti mwezi ukatha ukaone mayi ako.

Pakati pawo panali amene anaphunzira piyano ali ana. Funso loyenera kulifufuza ndi lakuti, munthu wotere amatani kuti zala zake zikhale zikuimbabe ali ndi zaka 90?

Piyano yokha siyenda ulendo wotere. Yoimirira ija imalemera makilogalamu 200 kapena kuposa, ili ndi makiyi 88 ndi mawaya pafupifupi 230, ndipo mawayawo onse pamodzi amakoka ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18. Ngakhale ikanawoloka nyanja, mdani wake anali m'nyumba momwemo. Ku England mpweya ndi wachinyezi. Ku Saskatchewan kunja kumazizira mpaka madigiri 30 pansi pa ziro, ndiye mbaula imayaka miyezi yambiri n'kuumitsa mpweya wam'nyumba. Thabwa lopyapyala limene limakuza mawu limafota, nthawi zina kung'aluka kumene. Thabwa lina lochindikala limene limagwira zikhomo za mawaya nalo likauma, zikhomozo zimakhwefuka, ndipo ngakhale mmisiri achune bwanji, pakapita milungu yochepa mawu amatsikanso. Piyano imafuna chinyezi cha pakati pa 40 ndi 50 peresenti, kuikidwa kutali ndi mbaula ndi zenera, ndi kuchunidwa kawiri pachaka, nyengo ikasintha. Yongofika kumene siichunidwa tsiku lomwelo, imayamba yazolowera nyumbayo milungu ingapo.

Chimene chinawoloka bwinobwino ndi chimene chinali m'mutu: kuwerenga manoti. Ambiri ankadziwanso solofa, ija ya d r m, yomwe John Curwen anaifalitsa m'masukulu ndi m'matchalitchi a ku Britain, yomweyonso imene amishoni anabwera nayo kuno ndipo makwaya athu akuigwiritsabe ntchito. Wodziwa kuwerenga safuna wailesi kapena mphunzitsi. Mpatseni buku la nyimbo lokha, Lamlungu aimbitsa mpingo. Ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse, kuposa mphatso yachibadwa imene anthu amakonda kutamanda.

Tchalitchi chakumudzi nthawi zambiri chinali ndi limba lopopa ndi mapazi, osati piyano. Woimba piyano akalikhalira koyamba amakhumudwa. Mawu a limbali amachokera ku timalilime tamkuwa tomwe timanjenjemera mphepo ya mvukuto ikamadutsa, choncho kumenya kiyi mwamphamvu sikukweza mawu ngakhale pang'ono. Mphamvu ili kumapazi, ndipo mapaziwo ayenera kupopa mosinthana mosatsatira kugunda kwa nyimbo, apo ayi mawu amatuluka ngati munthu wa befu. Chopondera chotalikitsa mawu palibe. Ukachotsa chala, mawu athera pomwepo, motero umaphunzira kusinthanitsa zala pa kiyi imodzi usanaisiye: wadina ndi chala chachinayi, chachisanu chilowa m'malo mwake, chachinayicho chipita patsogolo. Noti imodzi ikangoti zii, kawirikawiri ndi kachitsotso kamene katsekereza lilime. Amalikoka ndi kambedza, kulipukuta mosamala, kulibwezera. Limba lonse likamafooka, mvukuto wabooka, mwina ndi mbewa.

Za kuphunzitsa ana a m'mudzimo sindichulukitsa. Zinkabweretsa kandalama, komanso zinkachititsa kuti mlendo uja asiye kungotchedwa mkazi wa uje.

Ukalamba ndiye umabwera ndi mayeso akeake. Nyamakazi imakonda tsinde la chala chachikulu ndi mfundo zakumapeto kwa zala. Kutambasula dzanja kuchoka pa do kufika pa do wapamwamba ndi masentimita 16 ndi theka, ndipo ndi kumene kumayamba kuwawa. Njira zake n'zodziwika. Kuviika manja m'madzi ofunda mphindi zisanu kapena khumi musanayambe. Kuimba mphindi 20, kupuma, kudzabwereranso, m'malo mwa ola lathunthu. Pa manoti anayi oimbira pamodzi, kusiya imene yabwerezedwa kale m'dzanja lina, koma osataya noti yachitatu (monga m pa d m s) chifukwa ndi imene imasiyanitsa mawu achisangalalo ndi achisoni. Ena amaimba manotiwo motsatizana mwachangu kuyambira pansi. Cholakwika chofala ndi kulimbana ndi ululu: munthu amaumitsa mkono, phewa limakwera, ululu uja n'kufalikira mpaka m'khosi.

Maso ndi makutu nawo. Magalasi owerengera buku amapangidwira masentimita 35 kapena 40, pamene manoti a pa piyano amakhala chapatali, cha m'ma 60, n'chifukwa chake gogo amaweramira kutsogolo msana n'kumapweteka. Pamafunika magalasi a mtunda umenewo ndi mapepala okulitsidwa. Makutu amayamba kutaya mawu apamwamba, ndipo timakina tothandiza kumva timakonzedwera kulankhula, motero noti yotalika timatha kuiyesa phokoso n'kuichepetsa. Tambiri tamakono tili ndi pulogalamu ya nyimbo, koma mpaka uipemphe.

Kuti zimenezi n'zotheka, umboni wake ndi Alice Herz-Sommer. Iyeyu sanali mkazi wa msilikali, koma nkhondo yomweyo inamuzula kwawo. Anabadwira ku Prague mu 1903, anaimba makonsati oposa 100 ali mkaidi ku Theresienstadt, msasa umene a Nazi a ku Germany ankatsekeramo Ayuda, mwamuna wake anafera ku msasa wina wa Dachau. Anasamukira ku Israel mu 1949 n'kumaphunzitsa ku Jerusalem, kenako ku London mu 1986. Atapitirira zaka 100 ankaimbabe maola atatu patsiku. Zala ziwiri zitakana kugwira ntchito, anakhala pansi n'kukonzanso kagwiridwe ka nyimbo zake kuti zikwane zala zisanu ndi zitatu zotsalazo. Anamwalira pa 23 February 2014 ali ndi zaka 110.