Manambala abodza amayambira kwa bwana wokalipa

Dzulo mu minibasi yochokera ku Area 25 ndinakumana ndi mnzanga amene tinkagwira limodzi ntchito ya deta pachipatala china konkuno ku Lilongwe, tinacheza mpaka kudepoti ndipo nkhani yonse inali ya mabwana awiri amene anatiyang'anirapo nthawi imeneyo. Chifikireni kunyumba nkhaniyi sikuchoka m'mutu ndiye ndati bola ndilembe.

Ntchito yathu inali kulembetsa odwala pa kompyuta, kusindikiza kasitika kaja ka barcode nkumata pa buku lawo lachipatala, kenako mwezi ukatha kuwerengetsa marejisitala onse, a sikelo ya amayi, sikelo ya ana, a ma ARV, nkupanga lipoti lokalowa mu DHIS2. Kwa amene simukuidziwa, DHIS2 ndi sisitimu imene unduna wa zaumoyo umasonkhanitsiramo manambala a zipatala, inapangidwa pansi pa University of Oslo ku Norway ndipo maiko ambiri muno mu Africa akuigwiritsa ntchito. Manambala amenewa ndi amene akuluakulu ku Capital Hill amayang'ana akamakonza mapulani.

Abwana oyamba ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingakane. Koma ankalamulira ndi mantha. Lipoti likachedwa tsiku limodzi dzina lako limatuluka pa gulupu ya WhatsApp pomwe pali wina aliyense, nambala ikasiyana pakati pa rejisitala ndi kompyuta funso lawo linali limodzi basi, walakwitsa ndani. Ndiye anthu anaphunzira kubisa. Magetsi athima, netiweki yagwa masiku atatu, anamwino alemba pamapepala, mapepala ena asowa, m'malo monena kuti abwana apa pali dzenje munthu amangotenga nambala ya mwezi watha nkuwonjezerapo pang'ono kuti isaoneke yokopera. Lipoti limapita nthawi yake, loyera bwinobwino, koma labodza. Zimenezi zimandiwawabe mpaka lero chifukwa kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu, kuli mayi amene wasiya kudzatenga mankhwala ndipo palibe akumulondola kumudzi poti pa pepala akuoneka ngati akubwera.

Nditayamba kuwerenga za utsogoleri ndinapeza kuti ena izi anaziona kalekale. Douglas McGregor, katswiri wa za utsogoleri wa ku America, mu 1960 anati mabwana amawaona antchito awo munjira ziwiri. Ina anaitcha Theory X, bwana wokhulupirira kuti wantchito ndi waulesi chibadwire, ukapanda kumuima kumsana sagwira. Ina Theory Y, bwana wokhulupirira kuti munthu amafuna kugwira ntchito yabwino akapatsidwa mpata ndi zipangizo. Mu ofesi zina mwina Theory X ikhoza kuyendako kwakanthawi, koma pa deta ayi, chifukwa bwana sangawerenge yekha rejisitala iliyonse, amadalira kuti wapansiyo amuuza zoona, ndipo munthu wamantha amakuuza zimene ukufuna kumva.

Kenako kunabwera mayi wina kudzakhala bwana wathu. Sabata yawo yoyamba sanaitanitse miting'i ngakhale umodzi, ankangokhala pa benchi ku OPD, komwe amaonera odwala osagonekedwa, kuona mmene mzere ukuyendera. Tsiku lina ndinawamva akufunsa, "Asisita, tandiuzani, bwanji ikamakwana 11 koloko aliyense amaisiya kompyuta nkubwerera ku cholembera?" Asisita anayankha mosabisa kuti printa ili chipinda china ndiye munthu azidzuka pa wodwala aliyense pamene panja anthu adzaza mpaka pakhonde, komanso pasiwedi ya ma clinician awiri inatsekeka kalekale ndipo akuopa kunena. Zinthu zoti tonse tinkazidziwa koma palibe anali atatifunsapo. Printa inasamutsidwa tsiku lomwelo.

Koma chachikulu chimene anachita ndi ichi, anatiitana ife a deta nkunena kuti, "Anzanga, bokosi limene mulibe nambala yake lisiyeni choncho, lembani chifukwa pambali, zotsalazo ndikayankha ndine." Ndipo anayankhadi. Miyezi yoyambirira malipoti athu anaoneka oipa kuposa kale, anthu osiya mankhwala anachuluka pa pepala, mafoni ochokera kumtunda analira, iwo osatchula dzina la munthu ngakhale mmodzi. Mndandanda weniweni uja ndi umene ma HSA, alangizi a zaumoyo, anayamba kuyenda nawo m'midzi kufufuza anthu. Utsogoleri wotere Robert Greenleaf anaulemba mu 1970 kuti mtsogoleri ayambe wakhala wotumikira, ine ndinauona ndi maso anga kwa mayi onyamula printa m'manja kudutsa nayo pakhonde.

Ndipo si zachilendo kuno kwathu. Makompyuta a m'zipatala ongogwira ndi chala pa sikirini a bungwe la Baobab Health anayambira kuchipatala cha Kamuzu Central mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake ataona mmene kuchipatala kulili, kuti ogwira ntchito ambiri sanazolowere kiyibodi, magetsi ndi osadalirika ndiye pafunika mabatire, ndipo sisitimu iyenera kukhala pomwe pali wodwalayo osati mu ofesi yakutali. Anapanga chipangizo motsatira anthu ake.

Musaganize kuti mayi aja anali ofewa pa zonse. Seva itafa m'mawa wa tsiku la kiliniki ya ma ARV panalibe zofunsana maganizo, anangoti inu tengani mafomu apepala, inu imbirani atekinishani, inu kauzeni odwala kuti tichedwa pang'ono koma aliyense alandira mankhwala ake, ndipo tonse tinathamanga. Paul Hersey ndi Ken Blanchard ankaphunzitsa zomwezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kuti kalamulidwe kazisintha malinga ndi nthawi komanso munthu amene ukumutsogolera, wongobwera kumene umamugwira dzanja, wozolowera umamusiyira. Kusiyana kwake ndi abwana oyamba aja nkwakuti iwo tsiku lililonse linali ngati seva yafa.

Za matreningi ndingodutsapo mwachangu. Kale kalata ikabwera yoti kuli maphunziro a sisitimu yatsopano ku Mponela kapena ku Salima amene amapita anali akuluakulu chifukwa cha alawansi, pobwera wokhala pa kompyuta uja osadziwa kanthu. Mayi aja anati azipita amene amagwira makinawo, ndipo akabwera aphunzitse anzake Lachisanu masana. Ena anakwiya nazo, iwo sanasinthe.

Potsika kudepoti mnzanga uja anandiuza kuti kumene ali pano wapatsidwa antchito awiri atsopano oti awaphunzitse za deta, ndipo tsiku loyamba asanawapatse ndi pasiwedi yomwe anawakhazika pa benchi ku OPD mpaka 12 koloko.