Lipoti la ulendo wathu wa ku Baltimore

Loweruka lapitali, mamembala 14 a gulu lathu la Amalawi okhala m'dera la Washington tinakwera sitima ku Union Station kupita ku Baltimore, komwe a kwaya ya mpingo wina anatiitana kuti tikacheze nawo. Ulendowu unatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo titafika anatilandira ndi nyimbo ndi chakudya chamasana.

Titadya, anatilowetsa mu holo ya tchalitchi n'kutionetsa filimu ya Hairspray ya mu 2007, yomwe nkhani yake ndi ya mumzinda womwewo m'chaka cha 1962. Mtsikana wonenepa, Tracy Turnblad, amalakalaka kuvina pa pulogalamu ya achinyamata ya pa wailesi yakanema, koma ena amamunyoza chifukwa cha thupi lake, ndipo m'kupita kwa nthawi mtima umamupweteka poona kuti anzake akuda amaloledwa kuvina pa pulogalamuyo tsiku limodzi lokha pamwezi. Tinaseka mpaka misozi poona John Travolta atavala diresi ngati mayi ake a Tracy, ndipo amayi ena a gulu lathu anaimirira n'kumavina nawo. Koma pamene Queen Latifah anayamba kuimba akutsogolera anthu oguba mumsewu potsutsa tsankho, mu holo monse munangoti zii.

Filimu itatha, agogo ena a m'kwayamo, obadwira ku Baltimore komweko, anatifotokozera kuti pulogalamu ya mufilimuyi inatengera pulogalamu yeniyeni ya Buddy Deane, yomwe inkaonetsedwa pa wailesi yakanema ya mumzindawo yotchedwa WJZ kuyambira mu 1957. Iwo ali mtsikana ankaionera kunyumba kwawo akudziwa bwino kuti masiku ambiri khomo linali lotseka kwa anthu a khungu lawo. Mufilimu, akuda ndi azungu amamaliza akuvina pamodzi, koma pulogalamu yeniyeniyo inathetsedwa mu 1964 m'malo moti achinyamatawo asakanikirane.

Apa ndi pamene tinasiyana maganizo. Bambo wina wa gulu lathu anati filimuyi yathira shuga pa nkhani yowawa, ndipo mwana amene angaionere yekha angaganize kuti tsankho linatha ndi gule. Mfundo yawo ndi yomveka, komabe ine sindinagwirizane nawo kwenikweni. Ndinaona ndi maso anga kuti kuseka kuja n'komwe kunamasula agogowo kuti atiuze zimene mwina sakanauza alendo pa tsiku loyamba, ndipo ana athu awiri amene tinapita nawo, omwe kawirikawiri amatopa msanga ndi nkhani za mbiri, anawafunsa mafunso kwa nthawi yaitali atakhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

Tinanyamuka madzulo titagwirizana kuti anzathuwa adzabweza ulendo, ndipo tawapempha agogo aja kuti asadzatsale, popeza ana ena amene sanapite nawo akufuna kudzamva okha kuchokera pakamwa pawo.