Denga lofiira padzanja la mkamwini

Mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumizira mwana wake, yemwe timakhala naye kunyumba kwathu, bokosi la tinjerwa ta LEGO tomangira kanyumba ka denga lofiira. Mnyamatayo anatsatira kabuku ka malangizo tsamba ndi tsamba, ndipo pofika madzulo kanyumbako kanali kataima patebulo. Kanali kokongola ndithu, koma ine monga malume wake ndinaona msanga kuti amene anakajambula sanaganizire zam'tsogolo, chifukwa kanalibe khonde, kanalibe mpanda, ndipo kuseri kwake kunatsala malo amene munthu wanzeru akanamangapo zipinda zochititsa lendi.

Ndinamufotokozera mwanayo kuti kabukuko ndi maganizo chabe a munthu mmodzi. Ndinali nditawerengapo kuti tinjerwa 6 tokha ta mtundu umodzi, kalikonse kokhala ndi timitu 8 pamwamba, tikhoza kulumikizidwa m'njira 915,103,765, ndipo ndinamuuza kuti n'kulakwa kukhutira ndi njira imodzi pamene zina zonsezo zikungodikira. Ndinamuuzanso kuti kampani ya LEGO ya ku Billund, m'dziko la Denmark, inakhazikitsa kalumikizidwe ka timitu pamwamba ndi timachubu kunsi mu 1958, kotero kuti kanjerwa ka nthawi imeneyo kamagwiranabe ndi katsopano. Mwanayo anangofunsa kuti, "Amalume, nanga kanyumba kanga simukagumula?" Ndinamulonjeza kuti ndingowonjezera basi.

Tinjerwa towonjezera ndinatipeza pakaunjika, m'jumbo limene munalinso mutu wa chidole ndi tayala la kagalimoto. Tina tinali ndi dzina la LEGO pa kamutu kalikonse monga zimakhalira ndi tenitenito, pamene tina tinalibe chilembo chilichonse, ndipo tonse tinali tonata ndi litsiro la ana a kudziko lina. Mayi a kunyumba analamula kuti zinthu zimenezo zisakhudze tebulo lawo zisanatsukidwe. Popeza ndimadziwa kuti majeremusi amafa ndi moto, ndinazithira mumphika, n'kuuteleka pambaula, ndipo ndinavundula ndi mthiko mpaka madzi anabwadamuka. Ndinamva pambuyo pake kuti eni ake amalangiza kutsuka ndi manja m'madzi osapitirira madigiri 40. Tinjerwa timene tinakhala pansi pa mphika tinatuluka titapindika, tina titakhota ngati nthochi, koma pa nkhani ya ukhondo palibe amene akananditsutsa.

Ntchito yomanga inayenda mofulumira. Ndinachotsa khoma lakumbuyo la kanyumba ka mwana (lonjezo lija linali la kanyumba konse, osati la khoma limodzi), ndinaimika zipinda zitatu za alendi, kenako mtima unandiuza kuti ndiwonjezere nyumba yosanja pamwamba pake. Vuto linali lakuti makoma atsopanowo ankangopatukana ndikangowakhudza, ndipo ndinkati ndikakanikiza ngodya ya kuno, ya uko inkatseguka. Ndinagamula kuti mlandu ndi wa tinjerwa topanda dzina tija, ndipo ndinatuma mwana kuokala kukagula supagulu.

Amene anagwiritsapo ntchito guluu ameneyu akudziwa kuti amagwira khungu la munthu mofulumira kuposa chinthu chimene ukufuna kumata. Ndinamuthira mowolowa manja kunsi kwa denga lofiira lija, ndinalikanikiza mwamphamvu pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo pamene ndinakweza dzanja, denga linakwera nalo limodzi, litamatirira ku chala chachikulu ndi zala zina ziwiri za dzanja lamanja. Nyumba yosanjayo, poona kuti yasiyidwa yokha, inagwera pazipinda za alendi. Pa nthawi yomweyo panja panamveka "Odi!", ndipo mawuwo anali a apongozi anga aamuna, amene anabwera osatidziwitsa.

Ndinabisa dzanja kumbuyo n'kupita kukawalonjera, koma mkamwini sangapatse moni apongozi ake ndi dzanja lamanzere. Iwo anatambasula dzanja lawo n'kudikira. Ndinaganiza zochita monga amachitira munthu amene m'manja mwake muli matope, ndipo ndinawapatsa mkono kuti agwire, ndikunjuta mwaulemu, denga likulendewera pakati pathu pamodzi ndi kachumuni kake. Anagwira mkonowo, anayang'ana denga, anandiyang'ana ine, kenako anati, "Tili bwino, kaya inu ndi nyumba yanuyi?"

"Pepani bambo, ndi za mwana izi," ndinayankha.

"Ayi agogo, amalume anandiuza kuti ndizingoonerera," anatero mwanayo, amene sanafunsidwe ndi munthu aliyense.

Apongozi anga anagwira ntchito yomanga nyumba moyo wawo wonse, ndipo m'malo mokhala pampando umene anapatsidwa, anapita patebulo kukayendera ngoziyo. Anatola chidutswa cha khoma, anachitembenuza, n'kupukusa mutu. Anandionetsa kuti ndinasanjika tinjerwa kena pamwamba pa kanzake ndendende, mizere yolumikizira itaongoka kuyambira pansi mpaka pamwamba, motero chimene ndinkachitcha khoma chinali mizati yoima moyandikana popanda chogwirizanitsa. Anati njerwa iliyonse iyenera kukhala pamphambano ya ziwiri zapansi pake, ndipo pangodya mizere iyenera kulukana. Anatsegula kabuku ka malangizo kaja n'kundisonyeza kuti kanyumba koyambako kanamangidwa motero, ndipo anawonjezera, mofatsa kwambiri, kuti akuthokoza Mulungu kuti nyumba imene mwana wawo akugonamo sindinamange ndine.

Pamene iwo ankayala makoma mwatsopano ndi mwanayo, ine ndinali pakhonde ndi mayi a kunyumba, amene ankandinyowetsa zala ndi mankhwala ochotsera kyutekisi uku akupukuta misozi ya kuseka. Mankhwalawo ali ndi asetoni, amene amasungunula supagulu, koma amadyanso pulasitiki ya tinjerwati. Zala zinamasuka, koma denga linatsala lotuwa ndi lofewa pamene mankhwala anadontha, ndipo chidindo cha chala changa chachikulu chinakhazikika pamenepo moonekera bwino.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza zipinda za alendi zitaima popanda dontho la guluu, zili ndi khonde ndi mpanda womwe, ndipo ngakhale tinjerwa topanda dzina tija tinali titapeza malo ake. Tokhota tija apongozi anatiunjika pambali n'kunena kuti timeneto ndi zibuma zodzazira maenje. Ndinapempha kuti ndiikepo denga ndine, popeza tinali titazolowerana. Mwanayo anayang'ana agogo, agogo anayang'ana zala zanga, ndipo anagwirizana kuti ntchito yondiyenera ndi yokwawa pansi pa tebulo kufunafuna chitseko chimene chinasowa pamene nyumba yosanja inkagwa. Ndinachipeza usiku ndi phazi, ndikupita kukamwa madzi, ndipo apongozi amene anagona pabalaza anadzuka n'kufunsa ngati m'nyumba mwalowa akuba.