Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Malungo amene ndinakatola kumaliro

Gawo lapitali ndinalekezera pamene uthenga unatipeza kwathu ku Mufakose, dera la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, woti agogo aamuna, bambo awo a amayi, atisiya ku Chikwawa. Unali mwezi wa Novembala 2008. Pofika kuti achimwene a ku Johannesburg atumize marandi a basi, maliro anali ataikidwa kale. Tinanyamukabe ine ndi amayi kuti tikaone pamanda ndi kupepesa abale.

Njira yake ambiri a inu mukuidziwa: Mutoko, Nyamapanda, kenako kutentha kwa Tete, kuwoloka Zambezi, Zobue, Mwanza, mpaka Blantyre. Ine ndinabadwira ku Harare ndipo ulendowu unali wanga wachiwiri kupita ku Malawi. Minibasi itayamba kutsika mapiri kulowera kuchigwa cha Shire, ndinamva ngati wina watsegula chitseko cha uvuni.

Usiku woyamba amalume anandipachikira neti ya buluu pamwamba pa mphasa. Inkanunkha mankhwala. Ndinagonamo mwina theka la ola, thukuta lili kamukamu, kenako ndinaikwinya n'kuiponya pambali.

M'mawa amalume anaiona ili pakona. "Mphwanga, udzudzu wa kuno suona pasipoti."

"Ku Harare nakonso udzudzu uliko, amalume, ndipo sindinadwalepo malungo chibadwire."

Anangoseka n'kutenga khasu lawo. Mawu amene ndinkadzitama nawowo ndi amene anayenera kundiopsa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julaye sikugwirizana ndi udzudzu wa Anopheles umene umafalitsa malungo. Umene umatilira m'makutu ku Mufakose kawirikawiri ndi wa mtundu wina, wongosowetsa tulo. Asuweni anga a ku Chikwawa, amene ankangokhala panja usiku osavala malaya, analumidwa kuyambira ali kumsana ndipo matupi awo anaphunzirako kulimbana ndi tizilombo ta malungo, ngakhale kuti ena anzawo sanafike zaka zisanu. Thupi langa linali lisanakumanepo nato. Ndinagona masiku naini popanda neti. Amayi ankalowa mu yawo dzuwa likangolowa.

Tinabwerera ku Harare kumayambiriro kwa Disembala, sabata imene boma la Zimbabwe linalengeza kuti kolera ndi ngozi ya dziko lonse. Matendawa anayambira ku Chitungwiza, tauni yoyandikana ndi Harare, mu Ogasiti, kenako anakhazikika ku Budiriro, pafupi pomwe ndi kwathu. Mipopi inali youma. Zonyansa za m'masuweji zinkayenda m'misewu, ndipo anthu ankakumba zitsime kuseri kwa nyumba, mapazi ochepa kuchokera pamene zonyansazo zinkadutsa. Madokotala ndi anamwino ambiri anali atasiya ntchito chifukwa malipiro a mwezi wonse sankakwana ngakhale ulendo wa minibasi. Mliriwu pomatha pakati pa 2009, anthu oposa 98,000 anali atadwala ndipo oposa 4,000 atamwalira. Pamaliro anthu anasiya kupatsana moni wa m'manja, ndipo kwa ife amene tinaleredwa kuti kupepesa ndi kugwira dzanja, zinkaoneka ngati mwano.

Ndiye tangoganizani munthu akayamba kusanza m'nyumba ya ku Mufakose mwezi umenewo.

Zinandiyamba patatha sabata chibwerereni. Mutu unkawawa kumbuyo kwa maso, m'thupi monse muli phwanyuphwanyu. Madzulo ndinayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana, ndili m'mabulangete atatu, kunja kukutentha. Kenako kusanza. Mayi wina amene ankachita lendi chipinda chakuseri anachotsa mbale zake pathandala n'kuletsa ana ake kudutsa pakhomo pathu. Sindimuimba mlandu.

Amayi anatenga botolo lopanda kanthu la chakumwa cha Mazoe, anathiramo madzi owiritsa, masupuni aang'ono sikisi a shuga ndi theka la supuni ya mchere, monga aliyense wokulira ku Zimbabwe anaphunzitsidwira. Shugayo anali wa ku Malawi, chifukwa m'mashopu a kuno munalibe kanthu. Ndinkamwa n'kubweza.

Mawa lake anandiperekeza pamalo ena pamene anamanga matenti a odwala kolera. Pakhomo anatipopera kolorini kumapazi. Ndinaona bambo wina atabwera naye pawilibala, manja akulendewera, ndi mabedi obooka pakati, ndowa ili pansi. Amene anandiona anafunsa funso limodzi: kodi mukutsegula m'mimba zangati madzi otsukira mpunga? Ndinati ayi. Anandipatsa timapaketi ta ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, ndi mapilitsi a mutu, n'kuitana wotsatira. Zoti ndachokera kuti sanafunse, ndipo nanenso sindinaganize zonena. Mumzinda monse aliyense ankangoganiza za matenda amodzi.

Amene anandipulumutsa ndi agogo a nyumba yoyandikana nafe, mayi wamasiye wa ku Machinga amene anabwera kuno mzindawu ukutchedwa Salisbury. Sukulu sanapiteko. Anthu ena onse akuthawa, iwo analowa ndi ndodo yawo, anakhala pambali pa bedi, n'kuika dzanja pamphumi panga. Anakhala chete nthawi yaitali, akuonerera kunjenjemera kukusanduka moto, motowo n'kusanduka thukuta lonyowetsa pilo.

"Amake mwana, uyu si kolera," anatero. "Wa kolera thupi limazizira, maso amalowa m'kati, khungu ukalitsina limangoima. Uyu akuwotcha ngati mbaula. Awa ndi malungo. Kumudzi kuja amagona mu neti?"

Amayi sanayankhe. Anangondiyang'ana.

"Iwe mdzukulu wanga, ndikufunsa iwe."

"Kunkatentha, agogo."

"Ndiye pano wazizidwa?"

Marandi otsala a ulendo ndi amene anatifikitsa pachipatala china cholipira m'tauni. Namwino atangomva dzina la Chikwawa ndi Tete, anandibaya pachala, n'kudontheza magazi pakachipangizo kapulasitiki kangati chipeso chaching'ono. Tinadikira mphindi pafupifupi 20, amayi akuyang'anitsitsa ngati amadziwa kuwerenga kwake. Panatuluka mizere iwiri. Namwinoyo anandikalipira bwinobwino. Anati tizilombo ta mtundu wa falciparum, tofala kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa, timatha kutseka timitsempha ta mu ubongo, ndipo munthu wopanda chitetezo ngati ine akhoza kukomoka pakangopita masiku ochepa.

Anatipatsa Coartem, mapilitsi achikasu 24: anayi nthawi imodzi, kawiri patsiku, masiku atatu. Anatsindika kuti ndimalize onse ngakhale nditamva bwino, ndiponso kuti ndizimwera mkaka kapena chakudya cha mafuta kuti mankhwalawo alowe bwino m'thupi. Amayi anaseka koyamba sabata yonseyo. Mkaka mu Harare wa 2008? Tinali ndi mtedza umene azakhali anatimangira pansalu ku Chikwawa. Anausinja mumtondo wa agogo aja, ndipo masiku atatu onsewo ndinadya phala la nsinjiro, m'mawa ndi madzulo. Mpaka lero ndikamva fungo lake, m'kamwa mumabwera kuwawa kwa mapilitsi aja.

Amayi poyamba ankawakayikira mankhwalawo. Iwo anakula ndi kolorokwini, amene ankawayabwitsa thupi lonse, ndipo ankakhulupirira kuti mankhwala a malungo osayabwitsa ndi achabechabe. Koma kolorokwini anali atagonja kalekale. Malawi anamusiya mu 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo Fansidar nayenso atayamba kulephera, mu 2007 kunabwera LA, amene ndi Coartem yemweyu. Mbali imodzi ya mphamvu yake imachokera ku chitsamba cha ku China, ndipo mayi amene anaitulukira, Tu Youyou, anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Zimenezi ndinadzaziwerenga patapita zaka. Nthawi imeneyo ndinkangowerenga mapilitsi otsala pakapepala.

Tsiku lachinayi ndinatuluka panja ndekha n'kukhala pa sitepe. Mayi wa lendi uja anabweza mbale zake pathandala osanena kanthu. Sabata yomweyo bungwe lathu la maliro la anthu ochokera ku Malawi linaika m'manda mmodzi wa akuluakulu ake amene anafa ndi kolera. Thupi silinasambitsidwe, silinagone m'nyumba, ndipo nsima sinaphikidwe. Agogo aja anadandaula zimenezi kwa miyezi.

Nditapeza mphamvu tinaimbira foni amalume, kudzera kwa mphunzitsi wina wa m'mudzimo amene anali ndi foni. Amayi anawafotokozera zonse, mpaka mtengo wa mankhwala.

"Mwagula LA ndi marandi? Kuno timangolandira ulere kuchipatala!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mpatseni foniyo mphwanga."

Ndinailandira ndikudziwa zimene zikubwera.

"Neti yako ija ndakusungira. Ikadali pakona pomwe unaisiya."