Nkhokwe yathu yaimirira, zikomo Amayi a ku Katete

Abale anga, dzulo cha m'ma 11 koloko usiku tinakankha code yomaliza. Nkhokwe yathu, mosungira zonse zimene tawonjezera pa Koha, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera malaibulale, tsopano ili pa GitHub, tsamba la pa intaneti logawanirana code. Ndikulemba izi maso ali psuu, msana ukuwawa, koma sindingagone ndisanathokoze.

Mukudziwa kumene tachokera. Tonse osamalira Koha m'malaibulale, kuyambira Petauke, kuno ku Chipata mpaka Lundazi, aliyense ankasunga zake pa flash. Uyu lipoti la SQL la mabuku osabwezedwa, uyu mawu a Chinyanja a patsamba lofufuzira mabuku, uyu kapulogalamu kosindikizira ma barcode. Koha yatsopano imatuluka kawiri pachaka, Meyi ndi Novembala, ndipo ukangoikweza, zimene unasintha pamanja zapita, uyambirenso. Anthu a ku New Zealand anaipereka ulele m'chaka cha 2000 kuti tizigawana, ife n'kumabisirana ngati mankhwala a sing'anga.

Amayi a ku Katete, ndiyambire pati? Tinayamba ntchitoyi mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akubwera maola atatu okha tsiku lonse, nthawi zina pakati pa usiku. Inu munatitsegulira khomo chifukwa muli ndi sola. Anyamata anayi pamphasa, malaputopu pamiyendo, inu mukukazinga nsawawa. Code simulemba, koma MARC, ndondomeko ya manambala yolembera mabuku m'katalogi, mumaidziwa ngati nyimbo ya kwaya. Ndi inu munatigwira kuti tikusokoneza 100 ndi 245, dzina la wolemba n'kumatuluka pamalo a mutu wa buku. Manyazi amene tinachita!

Ndiye tsiku lija. Ndiulule pano, ndinali ine. Tulo tili m'maso ndinachita force push, kukankha code yanga mokakamiza pamwamba pa imene inali m'nkhokwe, ntchito ya miyezi iwiri n'kuzimiririka. Ndinatuluka panja, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, manja kumutu. Inu n'kubwera ndi kalaputopu kanu kakale kaja, kothyoka chivindikiro: "Mwanawe, si paja munati aliyense wokopera nkhokwe amakhala ndi mbiri yake yonse? Ine ndinakopera m'mawa." Zonse zinalimo. Ndinalira, Amayi, munaona nokha. Mulungu amene anakukumbutsani m'mawa umenewo akusungeni, akuwonjezereni masiku.

Zikomonso achimwene a ku Lundazi amene munkakwera pachulu kusaka netiweki, ndi mayi a kunyumba amene anapirira ndalama ya ndiwo ikuthera ku mabandulo.

Aja munkangotumiza chala chachikulu pagulu la WhatsApp, ndaona mwayamba kufunsa kuti mulowa bwanji. Lowani, n'zaulele. Kungoti musanakhudze chilichonse, tsegulani nthambi yanu, malo anuanu osinthirapo code pambali, wina aione kaye tisanaphatikize. Lamuloli likuyambira pa ine.

Amayi, Loweruka ndikwera minibasi yoyamba. Batire ya sola yanu tinaitopetsa ife, ndipo tasonkherana. Musakane.